Nsapato za Mtundu wa Papaya

Pamsika wa Ngabu, pansi pa mtengo wa nimu, pamakhala madala ena osoka nsapato. Munthu akafika, iwo amayamba amuyang'ana kumapazi, kumaso pambuyo. Ukawafulumizitsa amangoti, "Ngati mukuthamanga, tsogolani, nsapato zikupezani."

Sellina sawaiwala madalawa. Chaka chatha iye ndi mnzake Ernest anasankhidwa kukapikisana ku Blantyre pa dansi yovina awiriawiri atagwirana. Diresi lake linali la mtundu wa papaya wakupsa, koma nsapato zansalu zimene anapeza pakaunjika zinali zoyera. Atapita nazo kwa madalawo kuti azisinthe mtundu, iwo anapempha kachidutswa ka nsalu ya diresilo, nakhala masiku atatu akusakaniza utoto m'kachitini.

Atapita kukatenga, Sellina anaziyerekeza ndi kansalu kaja. Nsapatozo zinali zotuwa kuposa nsalu ija, ulendo uli mawa lake.

"Agogo, mwandiwonongera," anatero misozi ili m'maso.

"Kodi mukavinira padzuwa, mwanawe?"

Anamulowetsa m'shopu ya telala wapafupi, napempha kuti atseke zenera ndi kuyatsa babu. Nsapato ndi kansalu kaja zinafanana ngati zanyikidwa m'chitini chimodzi.

"Agogo, dansi imeneyi munavinapo?"

"Ine? Ayi. Ndinkakolopa m'holo ya mabwana kuminda ya nzimbe. Akamavina, ife tinkachita manyazi kuwayang'ana kumaso. Ndiye zaka khumi ndi ziwiri ndinkangoonera nsapato."

Sellina anakhala wachiwiri pampikisanowo. Pobwera anatsika minibasi pa Ngabu, nagwada pansi pa nimu uja, nawapatsa chithunzi chake akuvina. Madalawo anachiyang'ana nthawi yaitali akumwetulira, koma kumapazi kokha.