Mphuno ya a Zgambo

A Justus Zgambo anakhalitsa ku Joni monga amuna ambiri akwawo ku Engutwini, koma iwo sanagwire ya m'galadeni kapena yomanga. Anali m'bala ya hotela ina, poyamba kutsuka matambula, kenako kuthirira alendo mowa. Kumeneko n'kumene anadziwira wisiki amene eniake amati singo moloti, wophikidwa ndi balere yekhayekha pafakitale imodzi ku Scotland. Wodulayo ankangomumva fungo pothirira mabwana. Amene anamukonda anali wa pashelefu yapansi, wotsika mtengo, woti ngakhale woperekera zakumwa n'kugula mwezi ukatha.

Atabwerera kumudzi anatsegula kagolosale pa Jenda. Mng'ono wawo Yotam, amene anatsala ku Joni, ankawatumizira botolo kudzera mwa anyamata onyamula katundu, atalikulunga m'bulangete. Lamlungu masana, sitolo itatsekedwa, a Zgambo ankakhala kuseri pampando wapulasitiki. Ankathira pang'ono zedi, kudonthezamo madzi ndi supuni, kenako n'kulowetsa mphuno m'tambula osamwa kaye.

Chimene chinkawapweteka n'chakuti panalibe womvetsa. Tsiku lina anaitana mnzawo Lyson, wogula fodya, namuthirira mwaulemu. Lyson anagugudiza kamodzi ngati kachasu, n'kupukuta pakamwa.

"Ada, ngwakali chomene. Mulibe Fanta tisungunulire?"

"Fanta! Anthu anausunga m'migolo zaka ndi zaka, inu mukufuna muuthire shuga wa ana?"

"Nanga si mowa? Bola ufike kumutu."

Sanamuitanenso.

Mliri wa Kovidi utafika, a Zgambo anagona nawo mpaka anthu kuyamba kunong'onezana. Anadzuka ndithu, koma mphuno inatsalira komweko. Botolo latsopano litabwera anamatula, kununkhiza, zii. Anapukusa tambula, kuifunditsa m'manja, zii. Atalawa, chimene anamva n'kuwotcha kokha pakhosi, ngati akumwa madzi otentha a tsabola. Anaponya supuni mpaka inakagwera m'ngalande.

Mkazi wawo Perpetua, amene onse amawatchula NyaHara, ndi mayi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Lamlungu lotsatira a Zgambo anawayandikira, n'kuwaitana ndi dzina la mwana wawo Karen.

"Anyina Karen, ndapota, tangondinunkhizirani. Sindikuti mumwe. Mungondiuza chimene mukumva."

"Awiske Karen, mukufuna mundichimwitse ndi mphuno?"

Anakana masabata angapo. Koma ataona bamboyo akungokhala duu, tambula ili m'manja osaikhudzitsa kukamwa, chifundo chinawagwira. Anapukuta manja pachitenje, kulandira tambulayo ngati muli njoka, n'kununkhiza.

"Akununkha matabwa a paini ongocheka kumene, ngati aja a ku Luwawa."

"Ayi! Muli uchi mmenemo. Uchi ndi maapozi."

"Ine ndikumva matabwa. Ndi nthochi zoti zapsetsa."

"Nthochi zachokera kuti ku Scotland? Tanunkhizaninso bwino."

"Mphuno ndi yanga kapena yanu? Ngati mukudziwa kale, mwandiitaniranji?"

Ankakangana chotero Lamlungu lililonse, ndipo a Zgambo ankamwa pang'onopang'ono akuyesa kukumbukira uchiwo pamene mayiwo akuumirira pa matabwa. Sizinali zokoma kwenikweni, komabe zinali bwino kusiyana ndi kukhala okha.

Ndiye tsiku lina mayi Bessie, mlembi wa chigwirizano, anazungulira kuseri kudzabwereka sefa. Anapeza NyaHara mphuno ili m'tambula, botolo lili pambali. Sefa anatenga, anati yewo. Pofika Lachinayi nkhani inali itafika kale kwa akulu a mpingo, itakula: ati NyaHara amamwa mowa wa Azungu masanasana. A Zgambo anapita okha kukafotokoza kuti mkazi wawo amangobwereketsa mphuno. Akuluwo anayang'anana, wina anabisa kuseka m'chipewa. Mlandu unatha ndi chenjezo, koma NyaHara anabwerako nkhope itagwa.

"Mbwenu zatha. Botolo lanulo ndisalionenso pafupi ndi ine."

Patapita miyezi fungo linayamba kubwerera, koma mokhota. Anyezi wokazinga ankawanunkhira matayala oyaka, sopo ngati chimbudzi cha pa depoti. Wisiki uja ankamveka parafini weniweni. Kuchipatala cha pa boma ku Mzimba anawauza kuti zimachitika, mankhwala ake n'kudikira. A Zgambo anatuluka akung'ung'udza kuti ulendo wonsewo wa ku Mzimba angouzidwa zimene akuchita kale.

Anadikirabe. Ankathira, kununkhiza, kutukwana chamumtima, n'kubwezera m'botolo mosamala kuti dontho lisatayike.

Masana ena nyengo ya fodya, atakweza tambula mwachizolowezi, anaima. Pansi pa parafini paja panatuluka kanthu kotsekemera, kofewa, kamene kanawathawa atadwala Kovidi. Anatseka maso, nakoka mpweya kachiwiri kuti atsimikize. Nthawi yomweyo lole yodzaza mabelo inalilima pamsewu waukulu, n'kulavula utsi wa dizilo umene unadzaza kuseri konseko. Utsi utapita ananunkhizanso. Parafini.

Anthu amene anali pa siteji tsiku limenelo anaona a Zgambo, bambo wodekha, atatulukira kumsewu opanda nsapato, tambula ili m'manja, akukalipira lole imene inali itakhota kale kulowera ku Kasungu.