Ndikanafera m'Bafa ku Cali

Amene amandidziwa anganene zambiri za ine, zoti ndine wolongolola, zoti sindisunga nthawi, koma zoti ndine wabodza ayi, ndipo nkhani iyi ndiikamba mmene inachitikira osathira mchere. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi mpaka lero.

Zinali zaka za m'ma 2000, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Romford. Bambo a ana anga anali atamwalira, anawo ndinawasiya ndi mayi anga ku Ntcheu, ndipo moyo wanga kuno ku London unali shifiti, basi, tulo ndi tchalitchi. Mnzanga wina wa ku Colombia, amene ankakolopa m'zipinda kuntchitoko, ndi amene anandikokera ku salsa, gule wa kwawo wovina awiriawiri, mu kaholo kena ku Ilford. Ndinapita kuti ndingomusangalatsa, koma abale inu, miyendo imene ndinkaganiza kuti inakwiriridwa limodzi ndi mwamuna wanga inadzuka. Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha m'basi. Choncho pamene mnzangayo anandiuza kuti tipitire limodzi kwawo ku Cali, mzinda umene ankati ngakhale ogulitsa zipatso pamsewu amavina akubweza chenje, sindinavute.

Mukudziwa kuti ife Amalawi sitinyamuka ulendo osatsanzika. Ngakhale wopita ku Birmingham amauza anthu kuti amuike m'mapemphero. Koma ine ndikanawauza chiyani amayi a chigwirizano? Kuti mayi wamasiye akuwoloka nyanja kukagwidwa m'chiuno ndi amuna achilendo? Makamaka ndinkaopa mayi wathu wamkulu wa ku Lewisham, namwino wopuma pantchito amene diso lake limayeza siketi yako usanapereke n'komwe moni. Ndinangonena kuti ndatenga tchuthi ndipo foni izikhala yotseka kuti ndipumule. Kumudzi sindinanene kanthu.

Titangofika, mnzanga uja anauzidwa kuti bambo ake adwalika kumudzi wina kumapiri. Anandisiya pa hositelo ya alendo oyenda ndi zikwama zakumsana, n'kulonjeza kuti abwera pakapita masiku ochepa. Nditalowa m'chipinda ndinagwira pakamwa. Mabedi osanjikiza, amuna ndi akazi chipinda chimodzi, masokosi atayanikidwa paliponse, fungo lake losanena. Pamwamba panga pankagona mtsikana wa ku Australia, ndolo pamphuno, mkono wonse zojambula, ndipo mumtima ndinati mwana uyu kwawo anamutaya. Ndinatchinga bedi langa ndi chitenje, pasipoti n'kumagona nayo pachifuwa, moni ndinkayankha ndi mutu wokha.

Chimene chinandisunga pamalopo chinali maphunziro a gule amene ankachitika pabwalo lam'kati masana aliwonse. Mphunzitsi wake anali bambo wamfupi, wamimba, koma nyimbo ikayamba mapazi ake sunkawaona. Ine ankandiseka tsiku ndi tsiku, amati thupi langa limavina bwino koma mapazi anga amamvera ng'oma ina imene iye sakuimva. Ankanena zoona, ine ndinakulira chimtali. Munthu ameneyu sankapirira chilichonse chosemphana ndi nyimbo, ngakhale wina awombe m'manja pamalo polakwika ankaimitsa wailesi n'kugwira mutu.

Kenako ndinadzuka thupi likutentha, mutu ukuwawa kumbuyo kwa maso, mafupa ngati andimenya ndi musi. Kodi Mmalawi amafunsa dokotala za kutentha thupi? Ndinangoti malungo awa, timadziwana kuyambira ndili mwana. Ndinamwa mankhwala a malungo amene ndinali nawo m'chikwama, n'kumathira asipilini pamwamba, m'mawa ndi madzulo, kuseri kwa chitenje changa. Mtsikana wa ndolo uja anasuzumira kangapo kundifunsa ngati ndikufuna chipatala, ine n'kumamuyankha mwamwano kuti ndimagwira ntchito yosamalira odwala, asandiphunzitse. Paja amati safunsa anadya phula.

Patapita masiku angapo kutentha kuja kunatha mwadzidzidzi, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti ndachira. Masana amenewo, alendo anzanga onse ali pabwalo kuvina, ndinadzikoka kupita kukasamba. Bafa linali kumapeto kwa kakhonde, chitseko chake chachitsulo, ndipo ndinakhoma bwinobwino poopa anyamata aja. Ndikutsuka m'kamwa ndinalavula magazi. Ndisanamvetse, kamfuno anayamba, osati wodontha koma woyenda, m'mimba munapota, ndipo nditayang'ana miyendo ndinaona timadontho tofiira tatikuta khungu lonse. Ndinafuna kutsegula chitseko koma maso anachita mdima, ndinagwa chagada pasimenti.

Nditatsitsimuka sindinathe kudzuka. Ndinayesa kukuwa, mawu anatuluka ngati a mwana wa mphaka, ndipo kunjako malipenga ndi ng'oma zinali pakalapakala. Ndinachita mantha, anthuni, mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Imfa yokhayo sinali kundiopsa kwambiri, ndinali nditatseka maso a okalamba ambiri. Chimene chinandizizira m'mafupa n'chakuti panalibe munthu wanga ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene ndinali. Ku London ankadziwa kuti ndikupumula ku Romford, ku Ntcheu ankadziwa kuti ndili pantchito. Kodi mayi anga akanakhuza maliro a ndani? Ana anga akanakula akuti mayi wawo anangosowa ngati mbuzi yolowa m'thengo? Ndinaona mtembo wanga uli mufiriji ya dziko la eni, wopanda woulirira, wopanda wouperekeza kumudzi.

Mwendo wanga unali pafupi ndi chitseko. Ndinayamba kuchimenya ndi chidendene, ndimenye, ndipume, ndimenyenso, popanda chiyembekezo chenicheni, chifukwa ndani angamve chidendene pakati pa phokoso lotero? Koma mwadzidzidzi nyimbo inazima. Anandiuza pambuyo pake kuti mphunzitsi uja anaimitsa wailesi atakwiya, akufunsa kuti ndani akugogoda zitsulo mosemphana ndi nyimbo n'kumasokoneza ophunzira ake. Ena onse sanamve kanthu. Anatsatira kugogodako kuti akakalipire wopalamulayo, mpaka anaona madzi ofiira akutuluka pansi pa chitseko.

Anathyola loko. Mtsikana wa ndolo uja anathamanga kukatenga chitenje changa n'kundifunditsa amuna asanalowe, chinthu chimene sindidzaiwala. Anyamata a masokosi onunkha aja anandinyamula mpaka m'takisi. Kuchipatala dokotala anati ndi matenda otchedwa dengue, ofalitsidwa ndi udzudzu ngati malungo, koma oopsa kwambiri nthawi imene kutentha kwangotha, ndiponso kuti asipilini uja ndi amene anatsegulira magazi njira. Mtsikanayo ankamasulira, poti Chisipanishi ankachimva. Kenako dokotala anafunsa funso limene linandiliza, loti zinthu zikavuta aimbire ndani.

Ndinayamba kuwerenga anthu anga m'mutu. Mnzanga kumapiri kuja foni sinkagwira. Mayi anga ndi a BP, uthenga wotero ukanawagwetsa. Nambala imene inali m'mutu mwanga inali imodzi yokha, ya mayi wa ku Lewisham uja. Ndinaganiza za manyazi, ndinaganiza za firiji ija, ndipo ndinaitchula.

Anaimba mtsikanayo, kenako anandiika foni pakhutu. Ndinkadikira chikalipo, koma mayiwo anangonditchula kuti mwana wanga, n'kufunsa dzina la chipatala, kuchuluka kwa magazi amene ndataya, ndi ngati pali wondidwazika. Atatero anapemphera m'Chichewa, ine ndili pa diripi kutsidya la nyanja, misozi ikulowa m'makutu.

Za wondidwazika, inu simungakhulupirire. Ana a pahositelo aja anagawana nthawi okhaokha, wina m'mawa, wina masana, wina madzulo, ngati mmene timachitira kwathu m'mawodi. Wina anasintha tsiku la ulendo wake. Mkazi wa mphunzitsi uja ankabwera ndi msuzi wa nkhuku, mphunzitsiyo n'kumauza anamwino kuti wophunzira wake woipitsitsa ndi amene ali pabediyo. Ine amene ndaona nkhalamba za kuno zikumwalira ana awo ali ku Romford komweko osabwera, ndinadwazikidwa ndi anthu amene ndinkawamana moni. Mmene mnzanga ankatsika kumapiri, akulira ndi kupepesa, n'kuti magazi atasiya ndipo ndikutha kukhala tsonga.

Nditatera ku London, mayi a ku Lewisham aja anali pabwalo la ndege ndi jekete m'manja. M'sitima anandiuza mawu amene ndimawakumbukira mpaka lero. Anati zovinazo ndi nkhani ya ine ndi Mulungu wanga, ndipo iwonso pa utsikana wawo sankakhala pansi ng'oma ikalira, koma chimene chinawapweteka n'chakuti masiku onse aja ankandipempherera ngati ndili ku Romford. Kwa amayi a chigwirizano anali atangonena kuti mnzathu wadwalira kutali, zina zonse anandisiyira kuti ndinene ndekha. Ndinanena ndithu, ena anakweza zikope, koma awiri mwa iwo pano timapitira limodzi ku Ilford Loweruka.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti Mulungu ali ndi anthu ake paliponse, ndipo ambiri a iwo savala yunifomu ya chigwirizano. Koma ndikuchenjezeni, inu a kwathu amene mwayamba kuyenda m'maiko: si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, pitani akakuyezeni musanameze kanthu. Ndipo kaya mukupita kukavina, kaya kukachita zimene mukuchita nazo manyazi, uzani munthu mmodzi, ngakhale amene mumamuopayo. Ine ndinagona pasimenti paja ndikudziwa kuti ndikafa palibe adzabwere kudzanditenga, ndipo zimenezo sindifunira munthu aliyense.