Botolo Lobiriwira la Atate

Ndinali ndi zaka leveni chaka chimene ndinasungira atate botolo la mowa. Atate anali ophika pa kampu ina ya alendo mkati mwa paki ya nyama zakutchire. Ankachoka kwathu ku Mnkhanya mvula ikangotha, n'kudzabwera mvula ina ikayamba. Pakhomo tinkatsala awiri, ine ndi amayi, ndipo tonse sitinali olankhulalankhula. Zimene ndinkafuna kuuza atate ndinkazilemba m'kope: kuti njovu zathyola mango kuseri kwa bafa, kuti kusukulu ndimadya ndekha pansi pa mtengo wa tsanya, kuti mawu awo ndayamba kuwaiwala. Ndinkati akadzabwera ndidzangowapatsa kopelo, awerenge okha.

Amayi ankafulula mowa wa uchi ndi jinja m'chigubu cha malita twente. Ukapsa, chigubucho chinkatupa m'mbali, ndipo ukaika khutu unkamva kuthetheka ngati mafuta pamoto. Kuuthira m'mabotolo inali ntchito yathu ya Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakalipe. Mabotolo apulasitiki tinkayamba tawaviika m'madzi a pachitsime kuti azizire. Amayi ankakweza chigubu pampando, kulowetsamo kapaipi n'kuyamwa kamodzi, ine nditapendeketsa botolo kuti paipi ifike pansi penipeni. Ukachita changu thovu linkakwera n'kutayikira m'manja, mowa n'kutsala wopanda moyo. Kukhosi kwa botolo lililonse amayi ankasiya mpata wa zala zitatu, n'kutseka msanga. Madzulo ankafinya mabotolowo limodzi limodzi, ndipo limene lauma kwambiri ankalimasula chotsekera pang'ono kuti lipume.

Loweruka lina mu Okutobala, amayi atapita kukalonjera mlendo panja, ndinatenga botolo lagalasi lobiriwira limene atate anabwera nalo kuchokera kukampu. Ndinkaona kuti atate sayenera kumwera m'pulasitiki ngati anthu ongodutsa pamsewu. Ndinalidzaza mpaka pakamwa, osasiya mpata ngakhale wa chala chimodzi, chifukwa kuwapatsa losadzaza kunkaoneka ngati kuwamana. Ndinalitseka ndi mphamvu zanga zonse, kulikulunga m'chitenje pamodzi ndi kope lija, n'kubisa m'sutukesi pansi pa bedi. Kunali kutatsala masabata atatu kuti abwere.

Botololo linangopirira masiku asanu. Anali masana, nyenje zikulira, malata akulira ndi kutentha, ine ndikuchapa yunifomu pakhonde. M'nyumba munamveka phokoso ngati la mfuti, moti amayi anayamba ayang'ana kumunda poganiza kuti anthu akuthamangitsa njovu. Kenako fungo la jinja linatuluka pakhomo.

Amayi ndiwo anakoka sutukesi. Anatola magalasi mosamala, akuwaika m'mbale. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma anangotola chotsekera n'kuchiyang'ana.

“Lapulasitiki umalifinya, limakuuza kuti lakhuta,” anatero. “Lagalasi silinena, Esinati. Umangomva laphulika.”

Atatero anatulutsa kope. Masamba anali atamatana ndi uchi, inki itayenderera ngati mitambo. Pena ndi pena pankawerengeka mawu amodzi okha amene ndinkayambira nawo tsamba lililonse: Atate. Amayi anandifunsa ngati zonsezo ndinalembera atate, ine ndinangogwedeza mutu. Anakhala pabedi kwa kanthawi, kope lili pamiyendo.

“Nanga ine, si ndili pompano?” anafunsa motsitsa mawu.

Sindinali nditaganizapo kuti amayi nawonso ankadya okha masana onse. Tinayanika kopelo padenga la khitchini, koma pofika madzulo nyerere zinali zitalipeza.

Atate anafika ndi mvula yoyamba, pa njinga yodzaza matope. Ndinalibe botolo, ndinalibenso kope. Anandifunsa zimene zinachitika miyezi yonseyo, ndipo ndinayesa kunena ndi pakamwa. Ndinakwanitsa za njovu zokha. Anaseka, kundisisita kumutu, n'kupita kukalonjera achibale. Zina zonse za miyezi isanu ndi umodzi sanazimve, ndipo lero inenso sindizikumbukira bwino.

Tsopano ndili kusekondale yogonera konko, ndipo atate akadali kukampu. Kulemba sindinasiye, manyazi nawonso sanandisiye. Koma ndikudziwa kuti chaka chija ndinkasunga zonse kudikira munthu amene anali kutali, pomwe wina ankagwira nane paipi Loweruka lililonse. Ndikapita kwathu patchuthi, timathirabe mowa awiriwiri. Botolo likamadzaza pang'onopang'ono, ndimauza amayi kanthu kamodzi ka m'kope, ngakhale kakang'ono. Iwo sayankha zambiri. Amangoyeza zala zitatu, kutseka, n'kundipatsa botolo lina.