Wotchi Yopita Kumwezi

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa pa foni wotchi ya anthu olemera, yakuda bii ngati thambo, yowazidwa tinyenyezi. Akuti opanga ake amafuna kuti woivala azimva ngati wanyamula kumwamba konse pamkono. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Ndili kamtsikana ku Magaleta, atcheyamani a chipani anali ndi yotere, yokhala ndi kamwezi kachikasu pakati. Malaya ankapinda mkono umodzi wokha. Tsiku lina titapsa ndi dzuwa powadikira pamsonkhano, anafika n'kuikweza m'mwamba.

"Mtundu uwu wa wotchi unapita kumwezi ndi azungu," anatero. "Kodi pano alipo amene anafikako?"

Azimayi anawerama, mapewa akugwedera. Ine ndinadabwa. Kunyumba ndinkamva azakhali akunong'ona kuti amayi ali kumwezi, ndipo masiku amenewo mchere m'ndiwo ndinkathira ndine. Ndinkayesa kuti ulendowo umawatopetsa manja.

Ndinaimirira. "Amayi anga amapitako kawirikawiri, koma alibe wotchi."

Nthawi imeneyo munthu ankatha kusowa chifukwa choseka atcheyamani, choncho bwalo lonse linagwidwa chifuwa, ndi achinyamata a chipani omwe. Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi. Atcheyamani anatsitsa mkono wa malaya, n'kuyambitsa nyimbo.

Lero ndakalamba, koma sizinasinthe. Mwamuna akapita kumwezi kamodzi amamupangira wotchi. Ife opitako moyo wonse amangotiletsa kugwira mchere.