Zala Zomwe Chimanga Chinafufuta

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anamaliza sukulu ya unamwino, chimanga chinachita bwino kwathu kwa Nsamala. Ine ndinkaganiza kuti akangotsika basi ndi katundu wake, mawa lake avala diresi loyera. Iyayi. Anandifotokozera kuti kulinso mayeso a chiphaso, ndipo munthu asanaloledwe kugwira odwala, a bungwe loona za anamwino amafuna mapepala: satifiketi, chitupa cha unzika, kalata ya kukoleji, zithunzi, ndi kalata ya kupolisi yonena kuti alibe mlandu.

Podikira zonsezo, anakhala nane pamkeka kutong'ola chimanga chokagulitsa ku Ulongwe. Mwezi wathunthu. Tinkayamba tikangomaliza swala ya m'mawa, pemphero lathu la Chisilamu, mpaka mthunzi wa mango utatembenuka. Iye ankanditchulira mayina a mafupa a munthu, ine n'kumangomva ngati nyimbo ya pawailesi ya kutali.

Tsiku la kupolisi ndinamuperekeza ku Balaka. Chibadwire ndinali ndisanalowepo mupolisi, moti ndinaima kaye pakhomo ngakhale panalibe chomwe tinaba. Anatilandira mayi wina wapolisi, wojintcha, wanthabwala. Anapaka inki zala za mwanayo n'kuzidinda papepala chimodzichimodzi. Anayang'ana, anamupukuta, anabwerezanso. Pomwe panayenera kuoneka timizere panangotuluka mabanga akuda ngati matope.

"Mayi, mwanayu mwamutha zala ndi chimanga," anatero akuseka. "Izi kulikulu akazibweza."

Ine sindinaseke. Tsiku lotsekera kulembetsa linali pafupi, ndipo akanaphonya, anzake akanalemba mayeso iye ali pamkeka. Mayiyo anati khungu limabwerera lokha likapuma. Asagwire ntchito, azidzola mafuta, tibwerenso pakatha masabata awiri.

Mu minibasi pobwerera ndinayang'ana zala zanga. Zosalala ngati mwala wa mumtsinje. Zala zomwezi ndi zomwe ndimawerengera potamanda Mulungu ndikamaliza swala, koma sindinkadziwa kuti panali zolembedwa zomwe zinafufutika kalekale.

Kunyumba ndinaika lamulo. Mtondo iyayi, kuchapa iyayi, chitsononkho asachikhudze n'komwe. Anakana, ati amayi mutha bwanji nokha. Ndinamuuza kuti ndinkatha ndili ndi pakati pa iyeyo. M'mawa uliwonse ndinkamudzoza mafuta a nsatsi chala chimodzichimodzi, monga ndinkachitira ali khanda, uku ndikumupempherera chamumtima. Ankakhala pakhonde ndi mabuku ake, manja akung'anima. Anzanga podutsa kupita kumjigo ankafunsa ngati namwaliyo tikumusungira ukwati, ati mpunga tidya liti. Ndinkawayankha kuti mkamwini wanga ndi boma.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati maloto. Kamphepo kozizira, mankhusu akuuluka, ine ndikumenya thumba la chimanga ndi ndodo, koma m'maso mwanga ndikumuona akuyenda m'khonde lalitali la chipatala, nsapato zosamveka phokoso, odwala akudzutsa mitu. Nthawi zina ndinkasiya ndodo, kukatenga chala chake chachikulu n'kuchiyang'ana padzuwa. Tsiku lina ndinaona timizere tayamba kuzungulira, tating'ono ngati njira za nyerere pamchenga. Sindinamuuze, kuopa kuti mwina ndi maso anga okha.

Titabwerera, mayi wapolisi uja anatizindikira tili pakhomo, ati afika eni chimanga. Anadinda chala choyamba n'kuyang'anitsitsa papepalapo. Kenako anatembenuzira pepalalo kwa ine. Panali mizere yokhotakhota bwinobwino, ngati munda wopangidwa kale mizere ukamauonera paphiri.

"Izi ndiye zala, mayi."

Ndinangoti Alihamdulillahi, ndikupukuta maso ndi mpango. Kalata inatuluka kutatsala masiku ochepa, mapepala anapita, mayeso analemba, chiphaso chinabwera.

Masiku ano mwana wangayo akabwera kudzationa amandigwira pamkono kumvera kugunda kwa mtima wanga. Zala zake n'zofewa. Akafuna kukhala nane pamkeka wa chimanga, ndimamupatsa lichero kuti azingopeta.