Lamba Womasuka Pokoka Kamodzi

Chaka chathunthu Kamphepo sanatuluke m'chipinda chake. Dzinali anam'patsa kusukulu, chifukwa akathamanga anyamata ankangoonera fumbi. Koma minibasi itagubuduzika, iye anapanikizika pakati pa mipando kwa maola awiri, ndipo pomusolola miyendo inali itasiya kumva. Kuchokera pamenepo ankangoyang'ana khoma.

Bambo ake ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma pa ntchito yawo, eee, matama ake! "Nsapato idzatha, ulusi wanga uli pomwepo," ankatero kwa kasitomala aliyense. Koma madzulo akafika pakhomo n'kuona mbale ya mwana wawo yosakhudzidwa, matama onse ankathera pomwepo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzasoketsa nsapato, n'kuwapeza akukonza khushoni ya njinga ya olumala. Anafunsa kuti mwini wake ndani, iwo anafotokoza.

"Nanga manja ake ali bwino?"

"Ali bwinobwino."

"Ndiye mubwere naye kudamu Loweruka. Ine ndimaphunzitsa kupalasa mabwato ampikisano."

Bambowo anachita kumunyengerera mwana wawo masabata atatu. Atafika, Kamphepo anaona mabwato aatali, owonda ngati singano, akung'amba madzi. Bambo ake sanaone mabwatowo, anaona maso a mwana wawo akuyenda koyamba m'chaka chonse.

Mphunzitsi uja analongosola kuti mipando ya mabwatowa imatsetsereka, wopalasa amakankha ndi miyendo. Mpando wa Kamphepo aukhomerera kuti usasunthe, auikira chotsamira, ndipo m'mbali mwa bwato amangamo zoyandamitsa. Chosowa ndi malamba omugwira pachifuwa ndi pantchafu, kuti apalase ndi mapewa ndi manja.

"Malamba? Imeneyo ndisiyireni ine," anatero bambowo.

Anasokadi: chikopa chokhuthala, zitsulo zomangira zitatu pa lamba aliyense, kuti mwana wawo asagwe ngakhale pang'ono. Mphunzitsi anawatembenuza, anawakoka, n'kupukusa mutu.

"Bambo, ndi okongola, koma angamuphe mwanayu. Bwato likagubuduka adzakhala chadodolido m'madzi. Malamba onse azimasuka pokoka kamodzi, ndi dzanja limodzi. Ndipo sapita padamu mpaka titamugubuduza m'dziwe losambiramo, atuluke yekha."

Bambowo anapsa mtima. Zaka makumi atatu akusoka zosamasuka, lero auzidwe kuti asoke chomasuka! Komanso mwana amene anapanikizika kale, amumange dala n'kumumiza? Iyayi, zisiyeni.

Ali m'njira yobwerera kunyumba, Kamphepo analankhula. "Ababa, ndikuopa, sindikunama. Koma chipinda chijanso chandipanikiza. Sokani."

Bambowo anasoka n'kuphwasula kakhumi ndi kamodzi. Anachotsa zitsulo zonse, anaikapo nsalu yomata ija imalira poimatula, n'kulumikiza malamba onse ku kachingwe kamodzi kofiira. Pabwalo ankamumanga pampando, iye atatsinzina, n'kumukhuthulira ndowa ya madzi kumutu kuti azolowere kupeza kachingweko akubanika. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda: "Kodi mwatsegula tchalitchi? Ubatizo wake tsiku ndi tsiku!" Kamphepo anaseka mpaka kutsamwa. M'mawa uliwonse ankakoka machubu a njinga omangirira pazenera, matuza n'kuphulika, iye osasiya.

Ulendo woyamba kudziwe analephera. Atangomumanga anakuwa, "Imani! Ndimasuleni!" Anabwerera kunyumba akulira, ndipo masiku awiri sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachitatu anaitana yekha: "Ababa, tungani madzi."

Ulendo wachiwiri, mphunzitsi ndi osambira awiri analowa m'madzi. Kamphepo anagwedeza mutu. Osambirawo anatembenuza bwato, khuvuu!

Bambowo anaima m'mphepete, akungoona mimba ya bwato. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Anakumbukira msoko uliwonse umene anasoka, n'kuyamba kuukayikira. Zinayi. Zisanu. Anali atavula kale nsapato imodzi kuti adumphiremo, munthu wosadziwa n'kusambira komwe.

Kenako mutu unatulukira, vuu! Anatsokomola, anapukuta kumaso, n'kukweza lamba m'mwamba.

"Ababa! Ulusi wanu uli pomwepo, koma ine ndatuluka!"

Bambo wamkulu analira poyera, nsapato ili kumanja, opanda manyazi.

Loweruka lotsatira anamuona padamu. Abale inu, zinthu zina n'zofunika kuona ndi maso. Nkhafi ziwiri zinkalowa m'madzi pamodzi, n'kutuluka pamodzi, bwato likuthamanga mpaka mphunzitsi anachita kulondola ndi la injini. Njinga yake inatsala pagombe yopanda munthu. Bambowo anagwira pakamwa, anachita mantha ndi kukongola kwake. Anali ataiwala kuti mwana wawo ndi waliwiro.

Lero Kamphepo amapikisana, ndipo kudamu kuja kumabwera opalasa asanu ndi awiri olumala: wina wa mwendo umodzi, wina wofooka dzanja moti kachingwe kake amakakoka ndi mano. Malamba awo onse amasoka ndi bambo omwe aja, ndipo salola lamba kuchoka pakhonde pawo asanamukoke okha atatsinzina.

Inu amene mwadzitsekera m'chipinda, ndi inu amene mwamugwira mwana wanu zolimba chifukwa chomukonda, mwamva. Mwina ulendo woyamba mudzakuwa kuti akumasuleni, mudzabwerera mukulira. Palibe kanthu. Pumani masiku anu awiri, lachitatu muitanitse ndowa ija. Osataya mtima.