Bikoni Pansi pa Maluwa

Kwa zaka makumi atatu bamboyu wakhala akuyeza malo a anthu ena. Ntchito imeneyi imamuphunzitsa munthu kuchepetsa mawu, chifukwa kumene waitanidwa amapeza anthu awiri akukangana, ndipo mmodzi mwa iwo amayenera kumuda dzuwa lisanalowe. Anazolowera kuvula chipewa popereka moni, kukana tiyi wa mbali zonse ziwiri, ndi kusiyira tepi yoyezera kuti inene zoona. Atayamba kumera imvi, iye ndi mkazi wake, yemwe ndi namwino, anagula nyumba yosanja kumtunda kwa mzinda, m'dera limene misewu yake ili ndi mithunzi ndipo polowera pali geti ndi alonda.

M'deralo muli nyumba makumi anayi. Eni ake ambiri ndi azungu, ndipo mabanja asanu ndi amwenye. Anthu akuda analimo ochuluka kale, koma ankalowa m'mawa atanyamula zikwama za yunifolomu n'kutuluka madzulo. Banja la woyeza malo linali loyamba kulowamo ndi makiyi akeake.

Tsiku lachiwiri, akutsitsa katundu, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pamwamba pa mpanda wake wa maluwa. Anali mzungu wachikulire, wamasiye, komanso wapampando wa komiti ya eni nyumba.

"Bwana alipo?" anafunsa mayiyo.

"Alipo, mayi," anayankha woyeza malo akuvula chipewa. "Ndi amene mukuyankhula nawoyu."

Mayiyo anaseka nthawi yaitali kuposa mmene nkhaniyo inkasekerera. Mwezi womwewo chithunzi cha banjalo chinatuluka pachikuto cha kalata ya komiti, pansi pake atalembapo kuti deralo ndi la anthu a mitundu yonse. Namwino anamupatsa mayiyo dzina loti Amaluwa, ndipo m'nyumbamo silinachokenso.

Chithunzicho sichinawafike alonda. Pageti woyeza malo ankamufunsabe chiphaso, pamene galimoto za anansi ake zinkadutsa ndi kukweza dzanja kokha. Akamawongola miyendo Lamlungu masana, galimoto ya alonda inkakwawa kumbuyo kwake, chifukwa wina anali ataimba foni kuti pali munthu wachilendo amene akuyang'anitsitsa mipanda. Woimba foniyo sananame kwenikweni: woyeza malo sadutsa mpanda osauyang'ana. Makalata a komiti nawo ankabwera, onse oyamba ndi mawu akuti "Mnansi wathu wokondedwa". Zovala zoyanika zikuoneka kumsewu. Alendo a Loweruka achuluka. Kuseka kwa pakhonde kukumveka nyumba yachitatu.

Iye anasuntha chingwe choyanikira. Abale anawapempha kuti azibwera awiriawiri.

"Kodi bambo, tinagula nyumba kapena tinalowa sukulu yogonera komweko?" anafunsa namwino.

"Azolowera, mayi."

"Azolowera chiyani? Khunguli silisuluka ndi mvula."

Patatha chaka, amayi ake a woyeza malo anadwala sitiroko, mbali yakumanzere n'kufooka. Anawatenga kuti azikhala nawo. Koma zipinda zonse zogona, pamodzi ndi bafa, zinali pamwamba, ndipo masitepe ake anali khumi ndi asanu ndi awiri. Agogowo ankagona pabalaza, kuseri kwa nsalu imene namwino anaipachika pa waya, ndipo pokasamba mwana wawo ankawabereka. Anali mayi amene anaphunzitsa sukulu moyo wawo wonse, osazolowera kugwiridwa dzanja ngakhale powoloka msewu.

"Ndinakubereka ine, lero ukundibereka iwe," ankatero pamasitepepo. "Koma ine sindinkapuma pakati panjira ngati galimoto yakale."

Ankanena moseka, koma akafika pamwamba ankatembenukira kukhoma osayankhulanso.

Woyeza malo anajambulitsa pulani ya chipinda chimodzi chapansi chokhala ndi bafa, chakumbali kwa nyumba, ndipo anaipereka ku komiti monga mwa lamulo. Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Komiti inamva chisoni kwambiri ndi matenda a mayi okalambawo. Komabe lamulo la deralo limafuna kuti khoma lililonse litalikirane ndi malire ndi mamita atatu, pamene kuchokera pakhoma la chipinda chatsopanocho kukafika pampanda wa maluwa panali mamita awiri okha. Wapampando anali atayeza yekha.

Woyeza malo anawerenga kalatayo kawiri ataimirira kukhitchini.

"Wayeza bwino," anatero. "Kungoti wayeza mpaka pampanda."

"Nanga akanayeza mpaka pati?"

"Mpaka pamalire. Mpandawo walowa kwathu kuno ndi mita imodzi ndi theka."

Namwino anaika pansi kapu imene ankatsuka. "Mwadziwa liti zimenezi?"

Anali atadziwa tsiku lomwe anabwera kudzaona nyumbayo. Deralo lisanamangidwe, likadali tchire la minga, kampani imene ankagwirako ndiyo inaligawa mapuloti, ndipo mabikoni a mzere umenewo, timiyala ta simenti tokhala ndi chitsulo pakati tosonyeza ngodya za malo, anawakwirira ndi manja ake. Za mpandawo sanauze munthu aliyense. Ankaganiza kuti mita imodzi ndi theka ndi mphatso yabwino kwa mnansi. Chimene munthu wodziwa malire chotere sanachione n'chakuti mphatso imene wolandira sakuidziwa siibweza moni.

"Ndiye chaka chonsechi mayi uja akutiphunzitsa malamulo ataima m'munda mwathu?" anatero namwino. "Inu muli ndi mtima, bambo. Koma msana wanuwo ulibe."

Woyeza malo analembera Amaluwa kalata yaulemu yopempha kuti aonere limodzi malirewo. Sanayankhidwe. Analembanso, natchula tsiku ndi ola. Popeza woyeza malo sayeza malo akeake, anaitana mnzake wa ntchito, mzungu wa ndevu amene iye yemwe anamuphunzitsa kugwira makina zaka zapitazo.

Lachisanu m'mawa anaimika makina pa miyendo yake itatu. Mnzakeyo anawerenga manambala n'kuloza pakati pa maluwa ofiira. Woyeza malo anagwada, nayamba kukumba ndi kakhasu kakang'ono, mosamala kuti asadule mizu.

"Iwe! Ukutani m'maluwa angawo?"

Amaluwa anali atatuluka ndi foni m'manja. Kwa chaka chathunthu anali akumutchula kuti inu. Anamudumpha wogwadayo n'kupita kwa wa ndevu uja. "Muuzeni munthu wanuyu achokemo msanga. Alonda akubwera."

"Mayi, awa ndi aphunzitsi anga," anayankha wa ndevuyo. "Ine ndangobwera kudzasaina."

Alonda awiri anafikadi, ndipo anansi angapo anaima patali ndi agalu awo. Khasu linagunda chinthu cholimba. Woyeza malo anachotsa dothi ndi zala, napukuta pamwamba pake ndi mpango. Nambala ya puloti inaoneka bwinobwino, yolembedwa ndi msomali simenti ikadali yaiwisi. Anakoka tepi kuchokera pachitsulo cha bikoniyo kukafika pa chingwe chosonyeza pamene khoma lidzadutse.

"Mamita atatu ndi theka," anatero, osakweza mawu. "Maluwawa asakudetseni nkhawa, mayi. Akhoza kukhala pomwe alipa. Ine ndikungofuna chipinda cha amayi anga."

"Tinakulandirani bwino kuno," anatero Amaluwa. "Sitinayang'ane kuti ndinu ndani."

Mlonda wamkulu anawerama kuyang'ana nambalayo, kenako anayang'ana kumwamba ngati pali mbalame yachilendo, ndipo anabwerera ku galimoto.

Chilolezo chinabwera m'mizere iwiri, popanda "wokondedwa". Koma Amaluwa sanalole kuti maluwa ake amere m'dothi la woyeza malo. Anaitanitsa anthu anayi amene anazula mpanda wonsewo tsiku limodzi, ndipo pamalire enieniwo panakwera khoma la njerwa lalitali kuposa munthu. Amwenye a nyumba ya kutsidya, amene kale ankamugwedezera mutu pamsewu, anayamba kupeza choyang'ana m'mafoni awo. Namwino anati zimenezo n'zochepetsa ntchito ya khosi.

Chipindacho chinatha mvula isanayambe. Tsiku lolowa, agogo anakana njinga ya odwala. Anagwira ndodo ndi dzanja lamanja, nakhwekhwereza mwendo wofookawo kuchoka pabalaza, kudutsa pakhomo latsopano, mpaka ku bafa. Mwana wawo ankawatsatira pambuyo manja ali chotambasula.

"Bwerera, iwe," anatero agogowo atafika pachitseko. "Kuno ndilowa ndekha."

Anatseka, ndipo iye anamva loko akulira mkati.